Singano yolowera patsaya: momwe zithunzi zimatsogolera dokotala pochiza ululu wa trigeminal neuralgia

Pali ululu wina wa pankhope umene nthawi zambiri mlandu wake umagwera dzino losalakwa. Umabwera mwadzidzidzi, mbali imodzi yokha ya nkhope, ngati munthu wagwira nthambo ya magetsi yosenduka, ndipo umatha m'masekondi ochepa, ukachulukitsa mphindi ziwiri. Zoudzutsa zake n'zazing'ono zedi: kusukusula, kutsuka mano, kuyankhula, kutafuna, ngakhale kamphepo ka m'mawa mwezi wa June kakangokhudza tsaya. Wodwala amafika poiopa mbamu ya nsima. Bambo amasiya kumeta ndevu mbali imeneyo, mayi amayankhula milomo ili chitsekere. Ambiri amazulitsa dzino, kenako linzake, ululu uli pompo, chifukwa gwero lake lili mkati mwa chigaza. Madokotala amautcha trigeminal neuralgia. Nicolas André wa ku France anaupatsa dzina loti tic douloureux mu 1756, ndipo John Fothergill anaufotokoza bwino lomwe ku London mu 1773. Umakonda anthu opitirira zaka 50, amayi kuposa abambo.

M'Chichewa mawu oti mtsempha amasenza katundu wambiri: umene umayendetsa magazi ndi mtsempha, umene umanyamula uthenga kupita ku ubongo ndi mtsemphanso. M'nkhani ino zonse ziwiri zili pafupi kwambiri, choncho ndikanena mtsempha wa trigeminal ndikunena wa uthenga, ndipo wa magazi ndidzautchula kuti wa magazi.

Mtsempha wa trigeminal ndi wachisanu mwa mitsempha 12 yotuluka mwachindunji mu ubongo, ndipo mbali iliyonse ya nkhope ili ndi wake. Uli ndi nthambi zitatu. Yoyamba imamva za pamphumi ndi diso, yachiwiri za patsaya, mphuno ndi mano a m'mwamba, yachitatu za nsagwada ya m'munsi ndi lilime, komanso ndiyo imayendetsa minofu yotafunira. Nthambi zitatuzi zimakumana pamfundo imodzi yotchedwa Gasserian ganglion, imene yakhala m'kathumba ka Meckel's cave pansi pa ubongo. Kwa odwala ambiri, pali kamtsempha ka magazi kamene katsamira muzu wa mtsemphawu n'kumaugunda pa kugunda kulikonse kwa mtima mpaka chikuto chake chitaperepeseka. Kwa ena ochepa choyambitsa ndi chotupa kapena matenda a multiple sclerosis, owononga chikuto cha mitsempha ya uthenga. N'chifukwa chake chithunzi choyamba pa ulendo wonsewu ndi cha MRI, makina oonetsa ubongo ndi mitsempha yake, chojambulidwa singano isanaganiziridwe n'komwe, kuti dokotala adziwe chimene akulimbana nacho.

Chithandizo chimayamba ndi mapiritsi. Carbamazepine, yemweyu timamudziwa ngati mankhwala a khunyu, wakhala akugwiritsidwa ntchito pa ululuwu kuyambira 1962 ndipo amathandiza ambiri. Apa ndipatuke pang'ono: mankhwalawa amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, yemwe ali m'mapiritsi a ARV amene ambiri kuno amamwa, ndiponso ya njira zina zolera, kotero wopatsidwa carbamazepine asamubisire dokotala mankhwala ena amene akumwa. Mapiritsi akasiya kugwira, kapena akayamba kuzunguza mutu mpaka munthu kumadzandira, pamabwera opaleshoni. Yaikulu ndi imene Peter Jannetta anaitchukitsa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960: kuboola chigaza kuseri kwa khutu, n'kulekanitsa kamtsempha ka magazi kaja ndi muzu. Mpumulo wake umakhalitsa, koma agogo a zaka 80 odwala mtima sangaipirire mosavuta. Kwa anthu otere, ndi kwa amene sakufuna kutsegulidwa mutu, njira imakhala singano.

Funso ndi loti singano ifika bwanji pamfundo yobisika pansi pa ubongo, popanda kuboola fupa. Pansi pa chigaza pali kabowo kotchedwa foramen ovale, kamene nthambi yachitatu ija imatulukira. Kukula kwake ndi ngati kanjere ka nyemba, pafupifupi mamilimita 7 m'litali ndi 4 m'lifupi, ndipo kuchoka pakhungu la tsaya kukafika pamenepo ndi masentimita 6 mpaka 8. Vuto ndi anansi ake. Chakumbuyo pang'ono kuli kabowo ka foramen spinosum kodutsa mtsempha wa magazi wodyetsa chikuto cha ubongo. Chamkati kukudutsa carotid, mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo. Singano ikapendekera m'mwamba kwambiri ikhoza kulowa mng'alu wopita kuseri kwa diso, ikaloza kumbuyo kwambiri ikumana ndi bowo la mtsempha wa jugular. Makomo ndi ambiri pakhoma limodzi, lolondola ndi limodzi, ndipo wogogoda ali mumdima.

Fritz Härtel, dokotala wa ku Germany, ndiye anafotokoza njira yopitira pamenepo mu 1912, ndipo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Ankadalira zizindikiro zitatu za pankhope. Singano imalowa masentimita awiri ndi theka kapena atatu kuchoka pangodya ya mlomo. Ukaiyang'ana kutsogolo, iloze mwana wa diso wa mbali yomweyo. Ukaiyang'ana chammbali, iloze malo ali masentimita atatu kutsogolo kwa bowo la khutu. Dokotala amalowetsa chala chake m'kamwa mwa wodwala kuti amve singano ikuyenda mkati mwa mnofu wa tsaya osabowola n'kutulukira m'kamwa, chifukwa ikatero inyamula tizilombo ta m'malovu kupita nato ku ubongo, n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Härtel ankabaya mowa wa mankhwala pamfundo ija kuti iphe ululu. Ululu unkathadi, koma mowawo unkayenderera kumene sunatumidwe, ndipo ena ankatsala ndi diso losamva kanthu kapena nkhope yopuwala.

Zizindikiro za Härtel zikugwirabe ntchito, ndipo chala m'kamwa sichinachoke. Chimene chinasintha n'chakuti dokotala anapeza maso. Makina ofala kwambiri pa ntchitoyi ndi C-arm, omwe aja madokotala a mafupa amaunikira poika chitsulo m'fupa lothyoka: X-ray yoyenda, yoonetsa chithunzi pasikirini nthawi yomweyo dokotala akaponda chopondera. Wodwala amagona chagada, khosi litapendekera kumbuyo. Makinawo amawapendeketsa kuti aunike kuchokera kunsi kwa chibwano, n'kuwakhotetsa pang'ono kumbali yodwalayo, mpaka kabowo kaja kaonekere pampata wa pakati pa fupa la nsagwada ya m'munsi ndi la nsagwada ya m'mwamba. Pasikirini sikaoneka ngati m'buku. Ndi kachithunzithunzi kotuwa pakati pa zithunzithunzi zina, ndipo woyamba kumene akhoza kukhala mphindi zambiri akukayang'ana osakaona. Kakapezeka, dokotala amayendetsa singano motsatira kumene X-ray ikuchokera, kotero kuti pasikirini singano yonse imangooneka ngati kadontho kamodzi pakati pa bowo. Kadonthoko kakayamba kutalika kukhala kamzere, ndiye kuti singano yapatuka.

Singano ikamadutsa pabowo, thupi limayankha. Nsagwada imadzidzimuka, nkhope imachita tsinya ngakhale wodwala ali m'tulo ta mankhwala, ndipo mtima ukhoza kutsika liwiro mwadzidzidzi, n'chifukwa chake wogonetsa amakhala ndi atropine, mankhwala ofulumizitsa mtima, m'manja. Apa makina amatembenuzidwa kuti aunike mutu chammbali, pakuti chithunzi choyamba chimanena za kumene singano yaloza koma za kuya kwake chili chete. Pachithunzi chammbali dokotala amayang'ana fupa lotsetsereka lotchedwa clivus, ndi pamene likukumana ndi msana wa fupa la khutu. Mzere wa clivus ndiwo muyeso wake. Nsonga ikakhala mamilimita ngati asanu isanafike pamzerewo ili pafupi ndi timitsempha ta nthambi yachitatu, pamzere penipeni ndi ta yachiwiri, ikapitirira mamilimita ngati asanu ndi ta yoyamba. Kupyola sentimita imodzi n'kulowa m'dera la mitsempha yoyendetsa diso, ndipo wodwala angadzuke akuona zinthu ziwiriziwiri.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa chili apa. X-ray imaonetsa fupa ndi chitsulo basi. Mtsempha umene dokotala akuufuna suoneka pasikirini ngakhale pang'ono. Mamilimita asanu aja ndi chiyerekezo chochokera ku mitu ya anthu ambiri, pamene wagona patebuloyo ali ndi mutu wake umodzi. Choncho njira zitatu zochizira ndi singano zimene zilipo lero, iliyonse inachita kudzipezera umboni wake woti nsonga yafikadi.

Ya kutentha ndiyo yakale. Martin Kirschner anayamba kuwotcha mfundoyi ndi magetsi ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, koma kutenthako kunalibe muyeso. William Sweet ndi James Wepsic a ku Massachusetts General Hospital ku Boston ndiwo anaikonza, n'kufalitsa zotsatira zawo mu 1974: singano yokhala ndi choyezera kutentha kunsonga, ndi mankhwala ogonetsa a kanthawi kochepa kuti wodwala azitha kudzutsidwa pakati pa ntchito. Umboni wa njirayi ndi pakamwa pa wodwala. Singano ili m'malo, wogonetsa amaleka mankhwala, ndipo dokotala amawerama n'kufunsa: “Amayi, mukundimva? Musagwedeze mutu. Ndiyatsa pang'ono, mundiuze pamene mukumva kunyerenyetsa.” Amadutsitsa kamphamvu kochepa ka magetsi. Mayi akati, “Pachibwano, adokotala,” pamene ululu wawo umakhala patsaya, singano iyenera kusunthidwa mamilimita awiri kapena atatu, n'kufunsanso. Akati, “Eya, pomwepo,” amawagonetsanso, n'kutenthetsa nsongayo madigiri pakati pa 60 ndi 80 kwa mphindi imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Kenako amawadzutsanso n'kuyesa ndi kaphini ngati tsaya lachita dzanzi lokwanira. Pamafunika wodwala womva ndi kuyankha bwino ali ndi singano patsaya. Wosokonezeka maganizo chifukwa cha ukalamba, kapena amene sakumvana chinenero ndi dokotala, njirayi imamuvuta, makina akhale abwino bwanji.

Ya glycerol, timadzi tonanda ngati uchi, inapezeka mwangozi. Kuchipatala cha Karolinska ku Stockholm, Sten Håkanson ankabaya fumbi la chitsulo cha tantalum m'kathumba ka Meckel kuti likhale chizindikiro chowombera cheza ndi makina a Gamma Knife a Lars Leksell. Fumbilo ankalisakaniza ndi glycerol kuti liyende m'singano. Anadabwa kuona odwala akuchira chezacho chisanawombedwe, ndipo mu 1981 anafalitsa kuti glycerol payekha ndi mankhwala. Pano umboni ndi utoto. Madzi a mu ubongo akhoza kudontha kusingano, koma zimenezo sizitsimikizira kanthu, chifukwa akhoza kuchokeranso pansi pa ubongo kunja kwa kathumbako. Ndiye wodwala amamukhazika tsonga, dokotala n'kubaya timadzi tooneka pa X-ray. Tikadzaza kathumba n'kuonetsa maonekedwe ake, singano ili m'malo, ndipo kukula kwa kathumbako kwadziwika, nthawi zambiri kosafika theka la mililita. Timadzito amatitulutsa n'kulowetsa glycerol. Popeza ndi wolemera kuposa madzi a mu ubongo, amakhazikika pansi ngati uchi m'kapu ya madzi, ndipo wodwala amakhala choweramitsa mutu ola limodzi kapena awiri kuti asatayikire kumbuyo.

Yachitatu ndi imene ine ndimaiona kuti chithunzi chimayankhula momveka koposa. Sean Mullan ndi Terry Lichtor a ku Chicago anaifotokoza mu 1983. Singano yake ndi yonenepa, ndipo imaima pakhomo pa bowo osalowa mkati. Kudzera m'menemo amalowetsa kachubu kokhala ndi kabaluni kunsonga, ka mtundu wa Fogarty, kamene kanapangidwira kuchotsa magazi oundana m'mitsempha. Kabaluniko amakafufumitsa ndi timadzi tooneka pa X-ray, tosafika mililita imodzi, kuti kafinye mfundo ija kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Wodwala amakhala atagonekedwa kotheratu, safunsidwa kanthu. Chimene aliyense m'fiyeta amadikira pasikirini ndi kabaluni kooneka ngati peyala. Mabuku achingerezi amanena chipatso china chakwawo, koma peyala lathu lomweli lokhala ndi khosi likufanana nacho bwinobwino: mimba yonenepa ili m'kathumba ka Meckel, khosi lopyapyala lasuzumira kumbuyo pakabowo kamene muzu wa mtsempha umatulukira. Kabaluni kakakhala kobulungira ngati dzira, kali malo olakwika kapena sikanalowe mokwanira. Kakamangika m'chiuno n'kutupa mbali zonse ziwiri, katsetserekera kumbuyo kwambiri. Dokotala amakaphwetsa, n'kukonza, n'kuyesanso. Njirayi imakondedwa pamene ululu uli panthambi ya diso, chifukwa kufinya sikuwononga kwambiri timitsempha tating'ono tochititsa diso kuphethira likakhudzidwa. Mtengo wake ndi woti nsagwada ya mbali imeneyo imafooka potafuna kwa milungu kapena miyezi ingapo.

Nanga bwanji kabowo kakakana kuoneka? Zimachitika. Mafupa a nkhalamba ena amakhala opepuka moti m'mphepete mwa bowo simuoneka pa X-ray. Ena khosi lawo ndi louma, silipendekera kumbuyo. Ena anabadwa ndi kabowo kakang'ono, ndipo ena ali ndi kamtanda ka fupa kopingasa kunsi kwa bowo, pamene kamnofu kolimba kanauma n'kusanduka fupa. Pa X-ray wamba, dokotala amangomva singano ikugunda fupa mobwerezabwereza osadziwa chifukwa. Kubaya kulikonse kowonjezera ndi mpata wina woboola mtsempha wa magazi wa m'tsaya, ndipo wodwala amadzuka tsaya litatupa ndi kudera ngati walumidwa ndi njuchi.

Apa ndi pamene CT imathandiza. Imadula mutu m'zithunzi zopyapyala, kompyuta n'kuzimanga kukhala chigaza chathunthu chimene dokotala angachitembenuze pasikirini, n'kuona kukula kwa bowo, kupendekera kwake, ndi chilichonse chotchinga njira. Ena amachitira ntchito yonse m'chipinda cha CT: kulowetsa singano pang'ono, kujambula, kukonza, kulowetsanso. N'kolondola, koma n'kochedwa, dokotala saona singano pamene ikuyenda, ndipo zitsulo za m'mano zimawaza chithunzi. Makina atsopano ounikira mitsempha ya magazi anaphatikiza ziwirizi. C-arm imazungulira mutu kamodzi m'masekondi ochepa n'kupanga chithunzi chonga cha CT pomwepo patebulo, dokotala amajambula mzere kuchoka patsaya kukafika pabowo, ndipo mzerewo umaikidwa pamwamba pa X-ray yoyenda kuti singano iutsate. Palinso neuronavigation, yofanana ndi mapu a pafoni: zithunzi za CT kapena MRI zojambulidwa kale zimalumikizidwa ndi mutu wa wodwala, kamera n'kumatsata singano ndi kuonetsa pamene ili. M'zipatala zina amasindikiza ndi makina a 3D chigoba chokwana nkhope ya wodwalayo, chokhala ndi kachubu kolozera singano.

Zonsezi n'zabwino, koma ndimakayika ndikamva wina akuzitama ngati zathetsa nkhani. Mapu a neuronavigation ndi a dzulo kapena a m'mawa uja. Kamera imatsata kumchira kwa singano n'kuwerengera pamene nsonga iyenera kukhala, poganiza kuti singanoyo ndi yowongoka. Singano yopyapyala ya masentimita 10 ikakhudza fupa imapinda, kompyuta osadziwa. Kulumikiza mapu ndi mutu kukaphonya mamilimita awiri, ndiye kuti pabowo la mamilimita anayi kwaphonya theka la khomo. N'chifukwa chake madokotala ambiri okhala ndi makina amenewa amaikabe C-arm pambali kuti atsimikize kuya ndi chithunzi chammbali, ndipo peyala lija silingaoneke pamapu ojambulidwa kale. Kwa odwala ambiri, C-arm m'manja mwa munthu woizolowera ndi yokwanira. Makina odulawo phindu lawo lenileni limaoneka pamutu wovuta, pamene kuyesa koyamba kunakanika, ndi pophunzitsa madokotala achinyamata. Nkhani ya cheza nayo ilipo: mphindi iliyonse yofufuza bowo ndi X-ray imagwera maso a wodwala ndi manja a dokotala, amene waima pafupi atavala chovala cholemera cha mtovu.

Ultrasound, yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera, ilibe cheza ndipo imaonetsa mitsempha ya magazi bwino, koma siidutsa fupa. Imathandiza pobaya nthambi zakunja, monga pansi pa diso, pachibwano kapena pamwamba pa nsidze, kumene mpumulo wake umakhala wa nthawi yochepa. Mkati mwa chigaza siifikamo.

Wodwala ayenera kudziwa chimene akugula. Njira zitatu zonsezi zimavulaza mtsempha mwadala, kusinthanitsa ululu ndi dzanzi. Ambiri amadzuka ululu utatheratu n'kupita kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake, koma pakapita zaka ukhoza kubwerera, ndipo ntchitoyo imatheka kubwereza. Dokotala akawotcha kwambiri mpumulo umakhalitsa, koma dzanzi limakula, ndipo kwa ochepa pamabuka vuto lotchedwa anesthesia dolorosa, nkhope yosamva kukhudza koma yoyaka moto usana ndi usiku, lomwe ndi lovuta kuchiza kuposa matenda oyamba aja. Zilonda za pamlomo zimatulukanso kwa ambiri masiku angapo pambuyo pake, n'kupola zokha.

Wodwala asanachoke m'chipinda chodzukira, dokotala amapota kathonje kukhala kansonga, n'kumuuza kuti ayang'ane kumbali, n'kukhudza m'mphepete mwa galasi la diso. Likaphethira, zili bwino. Likangokhala tong'o, ndiye kuti nthambi yoyamba yakhudzidwa, ndipo diso limenelo silidzamva kachitsotso kakalowamo. Munthu wotere amapatsidwa mankhwala odonthezera, amalangizidwa kuvala magalasi pafumbi ndi pamphepo, ndi kudziyang'ana pagalasi m'mawa uliwonse. Diso likafiira, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale lisakupweteka.